Ndowa ya Pamphambano

Kamphepo, Zóbuè
20 Abril, 2020

Alamu a Gregório,

Landirani moni inu, make Justino ndi ana onse kumeneko ku Moatize. Ife kuno tadzuka, ine ndi Ivânia, mwana wa mng'ono wanu. Wayamba kufanana ndi malemu bambo ake mpaka makutu omwe, moti akaseka ndili kuseri ndimadzidzimuka kuyesa Denilson walowa m'nyumba.

Ndabwera ndi pempho, ndipo sindizungulira. Mukudziwa kuti sukulu anatseka chifukwa cha mliri wa korona. Kuno ku sukulu ya mishoni a padiri atiuza aphunzitsi tonse kuti mitu ya ana isachite dzimbiri, tiziwaphunzitsa ali kwawo. Akutithandiza ndi sisitere wina wa ku Tete, a Irima Inocência. Sabata iliyonse amakonza mafisha, mapepala aja a ntchito za ana, n'kutumiza pa foni. Koma alamu, foni ya ku Kamphepo mukuidziwa. Kuti imve mawu okha mpaka ukwere pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, dzanja lili m'mwamba. Ndipo ngakhale itagwira, ndisindikiza ndi chiyani?

Inu muli ndi makina a fotokopia m'kabaraka kanu ka pamsika. Ndawapatsa a Irima nambala yanu. Akakutumizirani, mundisindikizire mapepala a ana makumi anayi ndi atatu a kalasi yachisanu, lililonse dzina la mwana pamwamba. Mndandanda wa mayina ndaupinda m'kalata muno. A Alcides, aja amakwera kuno ndi kamiyao, lole yawo ija, Lachiwiri lililonse kudzatenga mbatatesi, avomera kumanyamula. Za pepala ndi inki a padiri akuti mishoni idziwa.

Alamu a Ilda ali bwino. Timapatsana moni wa m'mawa, zambiri ayi. Chimwalirire mlongo wawo Denilson amandiyang'ana ngati ndinabwereka nyumbayi sabata imodzi n'kuiwala kubweza.

Ndine mlamu wanu,
Bernardina


Moatize
25 Abril, 2020

Alamu aphunzitsi,

Moni wanu wafika, ndipo make Justino akubweza kawiri. Kuno tilipo, tikupuma fumbi la malasha monga mwa masiku onse. Zaka khumi takhala tikutsokomola popanda wofunsa, lero chifuwa chasanduka nkhani ya pa wailesi, aliyense kansalu kumphuno.

Mafisha ndi awo, makumi anayi ndi atatu, mayina pamwamba. Makina anga anali atagona chifukwa maofesi atseka, palibenso wofuna fotokopia ya chitupa, ndiye mwawadzutsa ndinu. A Irima anuwo ndi munthu wa ndondomeko. Atumizanso tsamba la malangizo: ana asamaunjikane, mapepala obwerera kwa inu azikhala masiku atatu osakhudzidwa, ndipo pamalo potengera pazikhala madzi osamba m'manja, ndi sopo, sopo akasowa phulusa. Ndakuguliraninso ndowa ya chivundikiro yoikamo mapepala, kuopa mame a kumapiri kwanuko. Inatsala yakuda yokha, mundikhululukire.

Za Ilda musaziike kumtima. Mlongo wanga uja anabadwa akukayikira mzamba. Nyumbayo anamanga Denilson ndi thukuta la kumgodi, ndi yanu ndi Ivânia. Ndinanena pamaliro monga mwini mbumba, anthu onse akumva, ndipo sindinasinthe.

A Alcides akamabwerera musawasiye atsike manja lende. Kambatatesi pang'ono, kuno akugulitsa ngati mazira.

Mlamu wanu,
Gregório


Kamphepo
19 Maio, 2020

Achimwene,

Moni. Ngati mukundikumbukirabe, ndine Ilda, mlongo wanu wa bere limodzi, uja munamubereka kumbuyo pothawa nkhondo kupita ku Mwanza. Ndayamba ndi kudzitchula dzina chifukwa kamiyao ya Alcides ikuima Lachiwiri lililonse ndi phukusi la make Ivânia, kalata ili pamwamba, koma ine ngakhale mchere wa m'manja. Tili bwino ine ndi Mércia. Bambo ake akadali ku Joni, malire anawatsekera konko. Tumizaniko mchere ndi sopo.

Tsopano imvani zimene ndaona ndi maso angawa, osati zomva. Lachitatu m'bandakucha ndikupita kudimba, ndinapeza mlamu wathu pamphambano paja pamakumana njira za midzi. Anatula ndowa yakuda, n'kuivundikira, n'kuikapo mwala. Kenako anatapa phulusa m'kachitini n'kusamba manja mpaka m'zigongono, madzi akugwera pakati penipeni pa mphambano. Atatha anatembenuka n'kumapita, osacheuka.

Achimwene, mwakhalitsa m'tauni koma simunabadwire m'tauni. Munthu wosamba pamphambano kusanache amakhala akutaya chiyani? Amayi ankatikoka dzanja tikafuna kuponda pamene wina wasambira, mwaiwala kale? Pamphambano ndi potayira matenda, kuti woyamba kudutsa atole. Ndinavundukula ndowa ija. Muli mayina a ana a mudzi uno, la Mércia wanga lilinso momwemo. Zinazo ndi Chipwitikizi, ine sukulu yanga ndi ya kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, sindinatolepo kanthu.

Akuti ndi za sukulu. Chabwino. Nanga sukulu ilibe khonde? Nanga bwanji akuuza ana kuti pepala likabwerera lisakhudzidwe masiku atatu, ngati mankhwala a kwa sing'anga? Ndipo mapepalawo akuchokera kwanuko, komwe tikumva kuti matendawa afika kale. Musaiwale kuti Denilson anapita akutsokomola, ali m'manja mwa mkazi yemweyu.

Sindikunena kuti ndi mfiti. Ndikungonena zimene ndaona.

Ndine mlongo wanu,
Ilda


Moatize
24 Maio, 2020

Ilda mlongo wanga,

Moni kwa iwe ndi Mércia. Mchere ndi sopo ndi zimenezo, usandiwerengenso m'gulu la akufa.

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko ndikuseka mpaka make Justino anatuluka kudzafunsa. Ndowa yakudayo ndinagula ndine. Mayinawo ndinasindikiza ndine. Phulusa analamula ndi sisitere. Ngati ndi ufiti, ndiye kuti mkulu wa afiti ndine, wachiwiri wanga amavala korona wopempherera m'khosi n'kumaimba m'kwaya. Ndipo Denilson anamupha ndi fumbi la kumgodi wa ku Chipanga, adokotala anatiuza iwe uli pomwepo, ukulira mokweza kuposa tonse.

Koma ndikufunse, Ilda, usakwiye. Pamaliro unanong'oneza amalume kuti nyumba ya malata isatsale m'manja mwa mkazi wa Chinyungwe. Chaka chatha unandilembera kuti denga lako likudontha. Lero waona munthu akutaya matenda. Kodi zimenezi waziona ndi maso, kapena waziona ndi dengalo?

Ukamapita kuchitsime uwauze anzako kuti ndi mapepala a masamu, basi. Mércia azitenga lake.

Mchimwene wako,
Gregório


Kamphepo
9 Junho, 2020

Alamu a Gregório,

Moni kwa nonse. Kuno kwazizira, m'mawa madzi a mumtsuko akuluma mano. Ivânia ali bwino, akuthokoza makrayoni. Mbatatesi ndapereka kwa a Alcides, muone ngati zafika zonse, pakuti njira ndi yaitali ndipo iwonso ali ndi pakamwa.

Munafunsa m'kalata yapita ija kuti ntchito ikuyenda bwanji. Poyamba ndinaika ndowa pakhonde la sukulu, koma makolo anabwera onse nthawi imodzi, apolisi n'kudzawabalalitsa ndi zikoti. Kuyenda khomo ndi khomo a padiri analetsa, ndipo iwo eni akukhala ku parishi kumunsi, kuno sakukwera chitsekere matchalitchi. Ndiye ndinaganiza za mphambano, poti ili pakati pa midzi inayi, mwana aliyense amafika osatopa. Ndimapita kusanache kuti ndisakumane ndi anthu, monga akunenera malangizo, ndimasamba m'manja pomwepo, ndimasiyanso kachigubu ka madzi ndi phulusa kuti anawo asambe. Ndinadziyamikira ndekha kuti ndaganiza mwanzeru.

Masabata atatu oyamba mapepala onse ankabwerera, ena ali ndi mafuta a ndiwo, ena atadyedwa ngodya ndi mbuzi, koma olembedwa. A Irima nditawauza anasangalala, akuti auza aphunzitsi a m'mishoni zina kuti atengere chitsanzo.

Koma tsopano pali chimene sindikuchimvetsa. Sabata yatha anatenga ana makumi atatu ndi mmodzi, sabata ino khumi ndi asanu ndi anayi okha. Chigubu cha madzi palibe wachikhudza. Ndaonanso kuti anthu aswa kanjira katsopano m'udzu, akulambalala mphambano, ngakhale amayi osenza mitolo ya nkhuni. Ndikafika kuchitsime nkhani imaduka. Poyamba ndinkati mwina makolo akufuna ana kumunda, kapena wina akuba mapepala n'kumapichira fodya. Ndinafunsa alamu a Ilda, anangoti, "Mudzifunse nokha, aphunzitsi, inu ndi ophunzira."

Kwathu ku Bagamoyo, asanatisamutse a mgodi, mphambano inali pogulitsira njerwa ndi pochezera. Kodi kuno ndalakwira mwini malo? Ngati pali chimene mwamva chimene ine sindikudziwa, musandibisire.

Mlamu wanu,
Bernardina


Kamphepo
22 Junho, 2020

Achimwene,

Moni, ngakhale moniyo ndi wa pakamwa chabe. Dzulo taika m'manda a Jordão, nkhalamba ija inkaweta nkhunda. Atsokomola masiku asanu okha. Mudzi wonse ukudziwa kuti iwo ndi amene ankayamba kudutsa pamphambano m'mawa uliwonse popita kudimba, ndipo atachenjezedwa anati, "Ine ndaona nkhondo ziwiri, ndingaope ndowa?" Lero ali kuti? Ana atatu agona ndi kutentha thupi, onse mayina awo ali mundowamo. Mércia wanga wayamba Loweruka, akunjenjemera ndi mabulangete awiri. Sekaninso, achimwene, muitane ndi make Justino adzaseke nawo.

Denga langa lisiyeni. Likudontha, inde, koma sindinapemphe malata a munthu. Munati ndikawauze anzanga kuchitsime, ndinawauza zimene ndinaona, pakuti bodza sindilitha. Pamaliro anthu amayankhula mosabisa. Anyamata akuti akaona ndowa ija kachiwiri aiwotcha pamodzi ndi mwini wake, ndipo akulu sanawadzudzule. Mlamu wathu anabwera kudzakhuza atavala kansalu kumphuno, n'kukhala patali payekha, osagwira munthu dzanja. Anthu anati, mwaona, akudziwa chimene wataya.

Inu ndinu mwini mbumba. Lekani kutumiza mapepalawo, kapena bwerani mudzamutenge munthu wanuyo.

Ndati wanu, ndipo sindinaphonye. Mwamuna salembera mkazi wamasiye wa mng'ono wake sabata ndi sabata chifukwa cha masamu. Ndowa, makrayoni, mawa chitenje. Ngati mukufuna kulowa chokolo nenani poyera, tikawauze make Justino akonzeretu mtima. Mlongo wanu akalankhula mukuti ndi denga, mlamu akalankhula mukudzutsa makina.

Mércia akapanda kudzuka, ine ndi inu tidzaonana.

Ilda


Moatize
27 Junho, 2020

Alamu,

Moni kwa inu ndi Ivânia. Lero palibe phukusi, pali kalata yokhayi, ndipo muiwerenge mutakhala pansi.

Munandifunsa ngati pali chimene ndamva. Chilipo, ndinachimva mwezi watha, ndinaseka m'malo mokuuzani. Wolakwa ndine. Kwathu kumapiriko munthu akadwala nthawi yaitali, kapena akamagwa m'tsoka, amapita pamphambano kusanache, amasamba mankhwala n'kusiyapo kanthu, kenako amachoka osacheuka, kuti matendawo atole wodutsa. Inu mwachita zonsezo mwandondomeko yake, osaphonya ngakhale chimodzi, ndipo ndowa yakuda ndinakupatsani ndine. Tsopano a Jordão amwalira, ana akudwala, anthu akuti mukutaya korona pa ana awo.

Musapitenso pamphambano, ngakhale kamodzi, ngakhale kukatenga chigubu. Mapepala ndayamba ndaimitsa, kuti pasakhale chokutengerani kumeneko. Kusatumiza kwangaku si kukutayani, alamu, mumve bwino pamenepa. Ndawaimbira a Irima Inocência, adandaula kwambiri, akuti iwo analemba malangizo ali m'tauni, za mphambano sanaziganizire. Alankhula ndi a padiri kuti akwere kudzafotokozera anthu, kenako tiyambirenso mwa njira ina.

Ndikanabwera ndekha, koma munthu wochokera ku Moatize masiku ano akafika m'mudzi amakhala ngati wabweretsa mliri m'thumba. Ndingakuwonjezereni moto. Foni yanu ndayesa kasanu, siikulowa.

Khalani pakhomo, tsekani chitseko msanga. Nyumbayo ndi yanu.

Mlamu wanu,
Gregório


Kamphepo
14 Julho, 2020

Alamu a Gregório,

Ndikupereka moni, kaya mukuulandirabe. Lero ndi Lachiwiri lachitatu popanda phukusi, popanda kalata, popanda ngakhale mawu a pakamwa. A Alcides asiya kukwera kuno chichitikire maliro a Jordão, akuti akuopa kugendedwa miyala, akumaima kumsewu waukulu. Foni yanga inagwa m'madzi. Kalatayi ndapatsira mayi wina wogulitsa tomato, kaya ifika liti.

Ine sindinasiye. Ana khumi ndi mmodzi akubwerabe, ena mozemba makolo, ndipo sindingawasiye apeze ndowa yopanda kanthu. Ndikukopera ntchito pamanja kuchokera m'buku, ndikung'amba makope anga akale. Zala zatupa koma Lachitatu lililonse kusanache ndimakhala ndafika pamphambano.

Anthu sakundiyankhanso moni. Ivânia anzake akumuthawa. Ndamva mawu akuti "mfiti" kawiri kumbuyo kwanga, koma palibe wobwera kudzandiuza pamaso kuti ndalodza ndani, ndi chiyani. Ndimaganiza kuti ndi chifukwa cha kansalu ka kumphuno, kapena poti ndine wobwera. Chimene chandilasa ndi ichi: dzulo mayi wina anauza mnzake mokweza kuti ndimve, "Ngakhale alamu ake a ku Moatize amuzindikira, aleka kumutumizira."

Kodi ndi zoona, alamu? Ndakhala ndikulumikiza zinthu. A Ilda analandira mchere ndi sopo kuchokera kwa inu, kenako anthu anayamba kulambalala, kenako inu mwakhala chete. Magazi ndi magazi, ine ndine mkazi wa malemu chabe. Ngati mwagwirizana za nyumbayi, ngati mawu a pamaliro aja mwawabweza, ndiuzeni ndinu. Ndinasamutsidwapo kale, ndikudziwa mmene amamangira katundu. Koma aja a mgodi anayamba atiuza.

Ndikuopa, alamu. Ndanena.

Bernardina


Moatize
26 Julho, 2020

Ilda,

Moni ndilibe. Kalata ya mlamu ya pa 14 yandipeza dzulo, itayenda masiku khumi ndi limodzi m'dengu la tomato. Akupitabe pamphambano. Sakudziwa kanthu. Ndinamulembera pa 27 Junho kumuchenjeza, ndafunsa Alcides, wandiuza kuti anakupeza kumsewu uli ndi Mércia kumbuyo, n'kukupatsa kalatayo m'manja kuti ukapereke. Ili kuti?

Ndikanakwera lero lomwe, koma mnzanga woyandikana naye baraka amupeza ndi korona, a zaumoyo atitsekera m'nyumba mzere wonse masiku khumi ndi anayi. A padiri nawonso akuti anadwala, sanakwere. Pita tsopano lino ukampatse kalatayo, uime pakhomo pake anthu akuone. Kanthu kakamuchitikira mkazi uja kapena mwana wa Denilson, usadzanditchulenso achimwene.

Gregório


Kamphepo
4 Agosto, 2020

Achimwene,

Ndikutchulani choncho komaliza ngati mwatero. Kalata yanu yafika madzi atatayika kale.

Lachitatu pa 22 anyamata anamudikirira pamphambano. Ine sindinalipo, ndinamva phokoso ndili pakhomo, ndipo sindinatuluke. Anamulanda ndowa, anathira parafini n'kuyatsa, mapepala ake olemba pamanja ali momwemo. Sanamumenye, koma anamugwaditsa paphulusa lake lomwe, n'kumuuza kuti Lamulungu lisamupeze m'mudzi muno. Ivânia anali atamutsatira, anaona zonse. Lachisanu m'mawa anabwera pakhomo panga, katundu kumutu, mwana padzanja. Anandipatsa kiyi n'kunena kuti, "Alamu, nayi nyumba. Mbuzi ija imwe madzi, ili ndi bere." Kenako ananyamuka. Apita kwa amayi ake ku Mualadze.

Kalata ija ndinali nayo. Ndinaiika m'buku la nyimbo, yosatsegula. Ndinkati ndi ya chikondi, achimwene. Ndinkati mwaleka kutumiza mapepala koma kalata yokha simungaleke, ndiye umenewo ndi umboni wa chokolo, ndiusunge ndidzaonetse make Justino. Ndaitsegula yanu yachiwiriyi itafika. Muli mawu akuti "musapitenso pamphambano."

Palinso china, ndinene zonse zithe. Tsiku limene Alcides anandipatsa kalatayo ndinkachokera kuchipatala ndi Mércia. Anamubaya chala, anati malungo. Anamwa mapiritsi, masiku atatu anali akusewera fulaye. Ana ena aja chimodzimodzi. Ndinadziwa kuyambira tsiku limenelo, koma pakamwa panga panali patanditsogolera kale kuchitsime. Ndikanabwerera bwanji kukanena kuti ndinanama? Ndinati zizizira zokha.

A padiri akwera Lamulungu lapitali. Anaimirira panja pa tchalitchi n'kuwerenga tsamba la malangizo lija m'Chinyanja, mzere ndi mzere, phulusa, masiku atatu, zonse. Anthu anangoti zyoli. Tsopano aliyense akuti, "Ife tinamva kwa Ilda." Ngakhale amene anagula parafini akuti anamva kwa Ilda. Sakunama.

M'nyumbamo sindinalowe kupatula kukasesa. Denga langa likudonthabe ndipo lizidontha. Mércia sakundilankhula, akuti ndathamangitsa aphunzitsi ake. Ana ena akumabwera kudzaima pakhomo lotsekalo.

Akakutsegulirani, pitani ku Mualadze. Ndapereka nkhuku kwa Alcides, ndi kalata ija. Mukamuuze kuti ndagwada. Mukamuuze abwere.

Ilda


Mualadze
12 Outubro, 2020

Alamu a Gregório,

Moni kwa inu, make Justino ndi ana. Zikomo pobwera maulendo awiri, ndi njira yoipayi. Pepani kuti maulendo onse awiri munabwerera opanda yankho. Pamaso panu pakamwa pankandilemera, ndiye ndalemba.

Kalata yanu ya Junho ndaiwerenga kambirimbiri. Ndinakuganizirani zoipa, mundikhululukire. Ndimaseka ndekha nthawi zina, kuti ine mphunzitsi wa ana a eni ndinachita mwambo wonse wa mphambano osaphonya, mlungu ndi mlungu, ndikudzitama kuti ndaganiza mwanzeru. Mudzi wonse unkadziwa, inu munkadziwa, panalibe mmodzi wondikokera pambali. Chimandiwawa ndi chimenecho, kuposa moto uja.

Kuno tikukhala. Madzi ndi akutali, nthaka ndi miyala, amayi akalamba. Ivânia wayamba kulankhula Chinyungwe ndi anzake, koma akaona utsi amandigwira chitenje.

Za ana anga a kalasi yachisanu tagwirizana ndi a Irima Inocência. Iwo azitumiza kwa inu, inu muzisindikiza monga kale, onse makumi anayi ndi atatu. A padiri avomera kuti munthu mmodzi azigawa khomo ndi khomo masana, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndamva kuti alamu a Ilda adzipereka. Ndavomera. Akatolera, muzinditumizira kuno ndizichonga. Mércia muuzeni asiye kunyanyala, azilankhula ndi amayi ake, ndiponso asamale masamu a magawo, amathamangira kuyankha asanawerenge funso.

Nkhuku tinadya. A Ilda ndawakhululukira, muwauze choncho, si mawu a pakamwa chabe. Koma kubwerera sindibwerera. Ndayesa kudziona ndikutsika kamiyao, ndikupatsa moni amayi aja, ndikuphunzitsa ang'ono awo a anyamata amene anandigwaditsa, mtima ukukana. Nyumbayo muisungire Ivânia, akadzakula adzasankha yekha. Pakadali pano a Ilda alowemo mvula isanayambe, nyumba yopanda moto imagwa.

Chatsala ndi chimodzi. Pa 2 Novembro ndi tsiku la mizimu ya akufa, mabanja onse akasesa kumanda ndi kuyatsa makandulo. Chimwalirire Denilson sindinaphonyepo. Ivânia wandifunsa dzulo kuti chaka chino tipita liti kwa ababa, ndinamuuza kuti azakhali ake akatisesera. Ndatumiza makandulo awiri, mupatsire a Alcides akapereke kwa a Ilda. Ndinafunitsitsa kupita ndekha, alamu, ndinafika pomanga kachikwama. Koma ku manda a ku Kamphepo kulibe njira ina, imadzera pamphambano pomwe paja.

Ndine mlamu wanu,
Bernardina